Dzina la Banja M'buku la Ubatizo

Pamene ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama mu 1901, ndi a White Fathers ku Mua mu 1902, munthu ankadziŵika ndi dzina lake, mfunda wake ndi mudzi wake. Pobatiza, wansembe ankalemba dzina lachikhristu, kenaka la atate ndi la amayi. M'mabanja ambiri dzina la atatelo linatsata mwana kusukulu ndi kuntchito, mpaka linasanduka la banja lonse.

Tsono wofufuza ayambire pa ubatizo wake, nabwerera m'mbuyo mbadwo ndi mbadwo. Potsiriza adzapeza kuti dzinalo linali la munthu mmodzi, kapenanso wosabatizidwa n'komwe. Koma asalumphe dzina la amayi limene lili pambali pake, pakuti pakati pa Acheŵa mbumba imaŵerengedwa kuchikazi.