Moto wa pa siwa ndi kandulo ya mu Meyi

Kwathu ku Chigwa cha Shire munthu akatisiya sitigona ayi. Amayi amakhala m'nyumba ya siwa pafupi ndi thupi, abambo panja mozungulira moto wa zitsa, nyimbo n'kumalandizana mpaka tambala woyamba. Ndili mwana ku Ngabu ndinkayesa motowo ngothamangitsira udzudzu basi. Agogo ndiwo adandiuza kuti moto uja ngoti anthu aonane nkhope: adziwike amene wabwera, adziwikenso amene wasowa.

Tsono kandulo idatipeza tikuchezera kale. Idadza ndi amishoni. Akatolika a Dayosizi ya Chikwawa, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1965, usiku wa Pasaka amasonkha moto panja, kuyatsirapo kandulo yaikulu, kenaka aliyense n'kugawira mnzake lawi. Kwa Mmang'anja kapena Msena panalibe chachilendo apa. Kudikira pamodzi kuti kuche tidakudziwa kalekale.

Koma kuchezera kuli ndi ntchito inanso, ndipo ine ndimaionera pa mwezi umodzi: Meyi wa 1983.

Mwezi umenewo, ku San Francisco m'dziko la Amereka, anthu odwala Edzi adayenda mumsewu usiku atanyamula makandulo, pofuna kuti dziko lileke kuyang'ana kumbali pamene anzawo akutha. Apo mpamene padayambira mwambo wokumbukira omwalira ndi matendawa, womwe umachitika Lamulungu lachitatu la Meyi, ndipo udafika kuno kwathu. Edzi idapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, koma kwa zaka zambiri pamaliro timangomva kuti malemuwa adwala nthawi yaitali. Kuyatsa kandulo pagulu kudali kutchula dzina lomwe pa siwa tinkalimeza.

Mwezi womwewo, pa 18 Meyi, phungu wa ku Chikwawa a David Chiwanga adaphedwa ku Thambani m'boma la Mwanza, pamodzi ndi nduna zitatu: a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala. Boma lidati ndi ngozi ya galimoto. Mabokosi sadaloledwe kutsekulidwa kuti abale aone nkhope, ndipo maliro adaikidwa mwachinunu. Zoona zake zidadikira mpaka bungwe lofufuza lomwe lidakhazikitsidwa mu 1994 litapeza kuti adawapha ndi apolisi.

Nanga inu awerengi, mukuganiza kuti boma la mfuti ndi ndende linkaopa chiyani pa siwa? Linkaopa zija adanena agogo. Anthu akakhala usiku wonse akuonana nkhope, wina amafunsa kuti kodi wafa bwanji, ndipo funso lotere silibwerera m'kamwa.

Masiku ano chotilanda maliro ndi madzi. Chigumula cha Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa Malichi 2023 zidakokolola anthu ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ena osapezekanso. Popanda thupi palibe manda, adzukulu alibe pokumba, wamasiye alibe poloza. Apa mpamene ndidamvetsa phindu la kandulo. Siifuna bokosi kapena chilolezo cha munthu, imangofuna dzina ndi wina wolikumbukira.

Choncho Meyi akafika ndidzayatsa yanga pakhonde. Ikasowa pagolosale, koloboyi alipo. Mukaona kuwala musadutse, abale, fikani titchule maina awo.