Malamulo a Banach Anabwera Pomaliza

Amene anatsegulira mlatho wa pa Victoria Falls kuno ku Livingstone pa 12 September 1905 anali George Darwin, pulofesa wa ku Cambridge komanso mwana wa Charles Darwin. Ntchito ina imene George anadziwika nayo inali kugawa kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'nyanja yamchere kukhala timafunde tosavuta kuwerengera, kenaka n'kutiphatikizanso. Ine monga mphunzitsi wa masamu ndimaikonda nkhaniyi, chifukwa m'zaka zomwezo maganizo a mtundu umenewu ankabala nthambi ya masamu yotchedwa functional analysis.

Kusukulu mwana amafunafuna nambala imodzi yobisika. Koma pofufuza kunjenjemera kwa chingwe kapena kuyenda kwa kutentha m'chitsulo, chobisikacho chimakhala function yathunthu, mzere wonse wosonyeza mmene chinthu chikusinthira. Ivar Fredholm wa ku Sweden anasonyeza njira yothetsera mafunso otere mu 1900 ndi 1903. David Hilbert wa ku Göttingen analimbana nawo kuyambira 1904 mpaka 1910. Mu 1906 Maurice Fréchet ku Paris anachita cholimba mtima: anatenga function iliyonse ngati kadontho kamodzi, n'kufunsa mtunda wa pakati pa madontho awiri otere. Frigyes Riesz wa ku Hungary anapitiriza pomwepo.

Stefan Banach ndiye amandigwira mtima. Mu 1916 Hugo Steinhaus akuyenda m'paki ku Kraków anamva anyamata awiri akukambirana nkhani ya masamu yotchedwa integral ya Lebesgue, ndipo mmodzi anali Banach, amene maphunziro ake a uinjiniya anali atadukira panjira. Pofika 1920 anapereka kafukufuku wake wa udokotala ku Lwów, amene anasindikizidwa mu 1922. Mmenemo sanasamale kuti gulu la zinthu zimene ankafufuza ndi la manambala kapena mizere. Anangofuna kuti zitheke kuphatikizidwa ndi kuchulukitsidwa ndi nambala, kuti chilichonse chikhale ndi utali wake, kuti utali wa ziwiri zophatikizidwa usapose mautali awo ataikidwa pamodzi, ndiponso kuti mndandanda wa zinthu zomka ziyandikirana ukhale ndi pofikira m'gulu lomwelo. Lamulo lomalizali ndilo lili ndi mphamvu: limatsimikiza kuti yankho limene ukuliyandikira pang'onopang'ono lilipodi. Hans Hahn ndi Norbert Wiener anafika pafupi ndi maganizo omwewa paokha, koma Banach ndi anzake a ku Lwów ndiwo anamangapo nyumba, ndipo buku lake la 1932 linasonkhanitsa zonse.

Chimandipweteka n'chakuti mabuku ambiri amayamba ndi malamulowa pa tsamba loyamba, ophunzira n'kumangowaloweza osadziwa funso limene anabwera kudzayankha. Banach anawalemba patapita zaka 20 anthu akutuluka thukuta ndi mafunso a Fredholm. N'chifukwa chake ine ndikakumana ndi wophunzira wofuna kudziwa zimenezi, ndimayamba kumupatsa chingwe chonjenjemera, malamulo a utali tidzawaone akatopa nacho.