Kubwezera Maina kwa Akufa Osadziwika: Mbiri ya Forensic Anthropology

Mu Disembala 2022, atsogoleri a Malawi ndi Zambia anatsegulira chipata chatsopano cha Mchinji-Mwami. Mwezi womwewo, apolisi a ku Zambia anapeza mitembo 27 itatayidwa m'mbali mwa msewu ku Ngwerere, kufupi ndi Lusaka. Miyezi iwiri m'mbuyomo, manda a anthu 25 anali atapezeka m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba, kenako mitembo ina inayi chapafupi. Onsewa ankaganiziridwa kuti anali nzika za Ethiopia za paulendo wa ku South Africa. Boma la Mchinji lili pakati pa malo awiriwa, ndipo anthu ambiri a paulendo amadutsa malire ake m'njira zachidule opanda zikalata. Wotere akafera panjira, mtembo n'kuwonongeka, ndani angadziwe dzina lake?

Funso limeneli ndilo linabala forensic anthropology, maphunziro ozindikira munthu pofufuza mafupa ake kuti zithandize apolisi, makhoti ndi abale. Mu 1878, Thomas Dwight, dokotala wa ku Boston, analemba nkhani yofotokoza mmene mafupa angasonyezere msinkhu, zaka, ndiponso ngati mwini wake anali mwamuna kapena mkazi. Mu 1939, Wilton Krogman analembera apolisi a FBI malangizo a ntchitoyi. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Mildred Trotter anayeza mafupa a asilikali a America ku Hawaii, ndipo mu 1952 iye ndi Goldine Gleser anafalitsa masamu owerengera kutalika kwa munthu kuchokera ku mafupa a miyendo ndi manja.

Zimene anakhazikitsa akatswiriwa n'zimene wophunzira wa ku yunivesite amayamba nazo mpaka lero. Amaloweza mafupa 206 a munthu wamkulu kufikira atatha kusiyanitsa kachidutswa ka fupa la munthu ndi la mbuzi. Amaphunzira kuti mafupa a m'chiuno a mkazi amakhala otambalala, kuti mano ndi nsonga za mafupa aatali zimaulula zaka za mwana, komanso kuti fupa lothyoka n'kupola limasiyana ndi lothyoka pa nthawi ya imfa.

Ntchitoyi inasintha nkhope mu 1984, pamene Clyde Snow anapita ku Argentina kukathandiza mabanja a anthu amene anasowa mu ulamuliro wa asilikali. Anaphunzitsa kagulu ka ophunzira a ku yunivesite kufukula manda mosamala, ndipo kaguluko kanakhala bungwe la EAAF. Bungweli linadzafukula manda ku Ethiopia ndi ku Matabeleland m'dziko la Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990. Mu 1996 akatswiri ena anafukula manda a ku Kibuye, m'dziko la Rwanda, kuti apeze umboni wa khoti loweruza milandu ya kupha anthu a mtundu wa Atutsi.

Komabe masamu ochokera ku mafupa a anthu a ku America salondola bwino akagwiritsidwa ntchito pa anthu a kuno. N'chifukwa chake mayunivesite a Witwatersrand ndi Pretoria ali ofunika: amasunga mafupa a anthu masauzande amene zaka ndi mbiri yawo zinalembedwa, ndipo ofufuza apezapo miyezo yoyenera anthu a kum'mwera kwa Africa. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa mafupawo ndi a anthu osauka amene anafera m'zipatala popanda mbale wodzatenga maliro. Mmalawi wofuna maphunzirowa angayambe ndi anatomy, monga imene imaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences, kenako n'kukapitiriza kumeneko.

Kwathu kuno kufunika kwake kwaoneka kale. Kufukulidwa kwa manda a anthu a khungu lachialubino kunachititsa kuti lamulo la Anatomy Act likhwimitsidwe mu 2016, ndipo pa mlandu wotere khoti limafuna umboni woti mafupa opezekawo ndi a munthu. Mu Malichi 2023, namondwe Freddy anakwirira anthu ambiri m'matope ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera, ena osapezeka mpaka lero.

Mbiri yonseyi ikusonyeza kuti katswiri amadalira amene anafika poyamba. Fupa silitchula dzina palokha. Limayerekezedwa ndi zimene zinalembedwa munthuyo ali moyo, monga kabuku ka kuchipatala, chithunzi cha X-ray, dzino lozulidwa, kapena DNA ya mbale wake. Choncho mlangizi wa zaumoyo kapena wodzipereka amene waitanidwa kumene kwapezeka mafupa asawasunthe kapena kuwatsuka, atchinge malowo ndi kudziwitsa apolisi ndi mfumu. Pachipatala, mtembo wosadziwika upatsidwe nambala, ujambulidwe, ndipo zovala, zipsera ndi zimene zinali m'matumba zilembedwe. Ukaikidwa, ukhale m'manda akeake okhala ndi nambala yomweyo. Abale akadzafika, ngakhale patapita zaka khumi, kaundula ameneyo ndiye adzawalozere manda a mbale wawo.