Zaka Ziwiri Zimene Malawi Anali ndi Nkhoswe

Tsiku lina m'mawa tili kugombe, tikudikira mabwato a usipa kuti akocheze, mphwanga wa Fomu 3 anandiponyera funso la homuweki yake. Akuti achimwene, dziko la India lili ndi pulezidenti, nanga bwanji amene timamuona pa nkhani tsiku ndi tsiku ndi Narendra Modi? Pulezidentiyo amagwira ntchito yanji, kapena amangodya za ulele?

Ndinamuyankha za m'buku. M'maiko ngati India ndi Germany mipando yapamwamba ilipo iwiri. Wina ndi wa mutu wa dziko, pulezidenti. Winawo ndi wa woyendetsa boma, nduna yaikulu, amene amachokera m'Nyumba ya Malamulo ndipo amakhala pampandopo pokhapokha aphungu ambiri akadali naye. Akamutaya, tsiku lomwelo amayamba kulongedza. Pulezidenti ntchito yake ndi kuitana munthu amene ali ndi aphungu ambiri kuti apange boma, kusainira mabilu, kulandira akazembe a maiko ena, ndi kuthetsa Nyumba ya Malamulo akalangizidwa kutero. Droupadi Murmu wa ku India, yemwe anakhala pampando mu 2022, sanavoteredwe ndi anthu wamba ayi, anamusankha ndi aphungu. Bajeti sapanga, feteleza sagula, nduna sadzisankhira yekha.

Mphwanga uja anaseka, akuti ndiye chidoletu chimenecho. Ndinamuuza kuti aganize za ankhoswe. Nkhoswe siphika m'nyumba ya eni ake, sigwira ndalama ya ndiwo, ndipo chaka chimatha osamveka. Koma usiku umene mbale zayamba kuuluka, amene amakadzutsidwa ndi yomweyo. Mu 1997 kabineti ya ku India inatumiza pepala kwa pulezidenti K. R. Narayanan kuti asainire zochotsa boma la chigawo cha Uttar Pradesh. Iye analibweza, kuti akaliganizirenso. Malamulo awo amamulola kubweza kamodzi kokha, likabweranso ayenera kusaina. Koma kamodziko kanakwana, boma linachita manyazi n'kuisiya nkhaniyo.

Ndili m'njira yobwerera kunyumba m'pamene ndinazindikira kuti ndamupatsa zitsanzo za kutali chonsecho kwathu kuno zinachitikako. Malawi anakhalapo ndi mipando iwiri imeneyi kwa zaka ziwiri ndendende, kuyambira pa 6 July 1964 mpaka pa 6 July 1966. Kunena mwachilungamo, nthawi imeneyo sitinali ripabuliki. Mutu wa dziko anali Mfumukazi Elizabeth II, ndipo womuimirira ku Zomba anali Bwanamkubwa Sir Glyn Jones. Koma kagawidwe ka ntchito kanali komweko: Jones wosainira ndi wolangiza, Dr Hastings Kamuzu Banda nduna yaikulu yoyendetsa boma, yoyankha kwa aphungu. Papepala, aphungu akanatha kumuchotsa Kamuzu ndi voti imodzi yokha yoti sakumukhulupiriranso.

Kuti timvetse chifukwa chimene pepalalo silinagwire ntchito, tibwerere m'mbuyo zaka zinayi, ndipo sitipita kutali, nkhaniyo inachitikira konkuno. Alendo akabwera ku Nkhotakota timathamangira kukawaonetsa mtengo umene David Livingstone anakumanirapo ndi Jumbe, timawauza za akapolo amene ankawolotsedwa nyanjayi. Za msonkhano wa 1960 sitikamba kawirikawiri. Mu September chaka chimenecho chipani cha Malawi Congress chinachita msonkhano wake waukulu pano, pa Kota Kota monga ankalembera azungu. Kamuzu anali atatuluka m'ndende ya Gweru mu April. Chipanicho anachiyambitsa ndi Orton Chirwa ndi anzake mu 1959, Kamuzu ali m'ndende, ndipo atatuluka Chirwa anamupatsa mpando mosavuta. Henry Masauko Chipembere ndi anzake ena omwe anatsalira m'ndende anamasulidwa mwezi womwewo wa September n'kudzaonekera pa msonkhanowu. Chimwemwe chake mutha kuchiganizira nokha. Ndipo m'chimwemwe chomwecho nthumwi zinagwirizana kuti Kamuzu akhale pulezidenti wa chipani kwa moyo wake wonse.

Ambirife timadziwa za upulezidenti wamuyaya wa 1971. Koma wa chipani unayamba zaka 11 m'mbuyo mwake, dziko lisanalandire n'komwe ufulu, ndipo amene ankaomba m'manja kwambiri ndi anyamata ophunzira omwewo amene anadzathawa dziko lino patangopita zaka zinayi. Sindikuwaseka ayi. Anali pa nkhondo yolimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ankafuna munthu mmodzi woti mtundu wonse uzimuyang'ana, ndipo Chipembere mwiniwake anadzavomera pambuyo pake kuti anachita kumukweza dala Kamuzu ngati mpulumutsi. Ankaganiza kuti nkhalambayo izidzakhala patsogolo, ntchito yeniyeni azidzagwira iwo. Mwa njira ina tinganene kuti ankafuna pulezidenti wa mtundu wa India uja. Kungoti mwiniwakeyo sanauzidwe, kapena anauzidwa koma anangoti tiona.

Tsono taonani mmene zinakhalira. M'dongosolo la nduna yaikulu, chingwe chomangira mtsogoleri chili m'manja mwa aphungu a chipani chake. Ku Britain Margaret Thatcher anagwa mu 1990 osati pa chisankho, koma chifukwa aphungu ake omwe anamutembenukira. Koma ngati mtsogoleri wa chipani sangachotsedwe mpaka imfa, ndipo ndi iye amene ali ndi mawu omaliza pa za yemwe aimire chipani ku dera lililonse, chingwe chija chili m'manja mwa ndani? Pa chisankho cha 1964 mipando yonse 50 ya anthu wamba inapita ku MCP popanda wopikisana nawo. Panangotsala itatu yosungidwira azungu. Phungu aliyense ankadziwa amene wamuika pamene wakhalapo.

Mbale zinayamba kuuluka ufulu usanathe ngakhale miyezi iwiri. Kumapeto kwa August 1964 nduna zinamuuza Kamuzu pamaso madandaulo awo, kenaka zinakawalemba pa Ku Chawe, paphiri la Zomba. Zinali nkhani zogwirika. Tiki imene odwala anayamba kulipitsidwa m'zipatala za boma. Lipoti la Skinner lomwe linakhudza malipiro a Amalawi ogwira ntchito m'boma pamene azungu ankapitiriza kukhala m'maudindo akuluakulu. Ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Kukana kwake kugwirizana ndi China ya ku Beijing. Komanso mwano: bambo amene ankatchula nduna zake pagulu kuti anyamata anga, n'kumadzisungira maunduna angapo yekha.

Apa m'pamene nkhoswe inadzutsidwa. Jones anayesa ndithu, anakumana ndi mbali zonse, kufuna kuti agwirizane. Koma malamulo ankati Bwanamkubwa amachita zinthu motsatira malangizo a nduna yaikulu, bola ngati ndunayo ili ndi aphungu ambiri. Ndiye funso linali limodzi basi: aphungu ali ndi ndani? Pa 7 September Kamuzu anachotsa Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi John Msonthi anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, ngakhale Msonthi anabwerera posakhalitsa. Chipembere anali ku Canada, ndipo atafika anakakhala mbali ya ochotsedwawo. Pa 8 ndi 9 September Nyumba ya Malamulo inakambirana ngati ikumukhulupirirabe Kamuzu, ndipo iye anapambana popanda vuto. Chomvetsa chisoni n'chakuti ngakhale nduna zochotsedwazo polankhula zinkayamba ndi kunena kuti zikadali zokhulupirika kwa Ngwazi. Munthu ungatsutse bwanji amene unalumbira pa Kota Kota kuti ndi mtsogoleri wako mpaka imfa?

Voti ija itadutsa, Jones analibenso pogwira. Pali ena amene amamunena kuti anakondera Kamuzu, ndipo n'zoona kuti awiriwa ankamvana. Koma ine ndimaona kuti ngakhale pakanakhala Mmalawi wolimba mtima pampando umenewo, zotsatira zake zikanasiyana pang'ono chabe. Nkhoswe imagwira ntchito pamene akubanja ali okonzeka kuuza mwana wawo kuti walakwa. Apa akubanja onse anali ataimirira kale kumbuyo kwa mwamuna. Komanso tisaiwale kuti Jones anali mzungu woimirira mfumukazi ya atsamunda. Akanangoyerekeza kuchotsa Kamuzu miyezi iwiri chilandirireni ufulu, dziko likanayaka.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Chipembere anayesa zankhondo mu February 1965 kuchokera ku Mangochi, n'kukathera pa doko la Liwonde. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti. Orton Chirwa, loya amene anapereka mpando uja mwaulemu, anafera m'ndende ya Zomba mu October 1992. Pa 6 July 1966 Malawi anakhala ripabuliki, mipando iwiri ija inalumikizidwa kukhala umodzi, ndipo malamulo anati chipani ndi chimodzi. Mu 1971 zimene zinayambira pa chipani zinafika pa dziko lonse.

Sitinali tokha. Tanganyika anachita zomwezo mu December 1962, patangotha chaka chimodzi. Zambia sanavutike n'komwe, Kenneth Kaunda anayamba ngati pulezidenti wamphamvu zonse tsiku la ufulu lomwelo mu October 1964. Zimbabwe anayesako kwa zaka zisanu ndi ziwiri: Canaan Banana pulezidenti wosainira, Robert Mugabe nduna yaikulu, mpaka mu 1987 pamene Mugabe anatenga zonse. Amene muli ku Joni mukudziwa njira ina yapakati. Kumeneko pulezidenti ali ndi mphamvu zoyendetsa boma, koma amasankhidwa ndi aphungu ndipo aphungu angathe kumugwetsa ndi voti wamba. N'chifukwa chake Thabo Mbeki anachoka mu 2008 chipani chake chitamuuza kuti basi, ndipo Jacob Zuma anatula pansi mu February 2018 voti yomuchotsa itatsala pang'ono kuchitika.

Ife mwayi wosankhanso tinaupeza pambuyo pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 sanabwezeretse mpando wachiwiri uja. Gawo 78 limanena kuti pulezidenti ndi mutu wa dziko, mutu wa boma, komanso mkulu wa asilikali. Aphungu sangamuchotse chifukwa choti sakumukhulupiriranso, pokhapokha atamuzenga mlandu wophwanya malamulo kwambiri, ndipo pamafunika magawo awiri mwa atatu a nyumba yonse. Iyenso sangathe kuthetsa Nyumba ya Malamulo mmene wafunira, tsiku lake linaikidwa kale m'malamulo. Olemba malamulowa anaika zotchingira zina: materemu awiri okha, nyumba yachiwiri ya Senate momwe mukanakhala mafumu ndi magulu ena, ndi gawo 64 lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo. Gawo 64 aphungu analifufuta mu 1995. Senate inafufutidwa mu 2001 isanakhalepo ngakhale tsiku limodzi. Ya materemu inapulumukira mkamwa mwa mbuzi mu July 2002, pamene bilu yoti Bakili Muluzi aziimabe inapeza mavoti 125 m'malo mwa 128 ofunikira. Mavoti atatu, abale.

Ndiye banja likayambana masiku ano timadzutsa ndani? Bingu wa Mutharika atatuluka mu UDF mu February 2005 n'kuyambitsa DPP, dziko linakhala ndi pulezidenti amene aphungu ambiri sali naye. Kukanakhala ku India boma likanagwa, pulezidenti akanaitana wina kapena kuitanitsa chisankho. Kwathu kuno palibe amene akanatha kuchotsa mnzake, ndiye tinangokhalira kukokana: otsutsa akuti gawo 65 kaye, boma likuti bajeti kaye. Mu 2007 bajeti itangodutsa, Bingu anatseka zokambirana za nyumbayo nkhani ya gawo 65 isanakambidwe. Woimbira mpira anali kaputeni wa timu ina.

Mu 2020 zinaoneka poyera kwambiri. Khothi litafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019, aphungu anadutsitsa mabilu okonzera chisankho chatsopano, ndipo woti awasainire anali Peter Mutharika, yemwenso anali mbali imodzi ya mlanduwo ndiponso woimira pa chisankho chikubweracho. Mu March anakana kusaina, ndipo malamulo, pa gawo 73, ankamulola kuwabweza. Mwezi womwewo anachotsanso mkulu wa asilikali, Vincent Nundwe, zimenenso zinali m'mphamvu zake. Sindikunena kuti wina akanakhala pampandopo akanachita mosiyana, mpandowo ndi umene unapangidwa choncho.

Ntchito imene Jones anailephera mu 1964 inagwera majaji asanu: Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo. Pa 3 February 2020 ambiri kuno tinakhala pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka mdima, ena ukonde uli m'manja osausoka, tikumvetsera chigamulo cha masamba pafupifupi 500 chikuwerengedwa ku Lilongwe. Majajiwo popita kukhothi ankachita kuperekezedwa ndi asilikali.