Chisankho cha osewera atsopano cha Pittsburgh Steelers mu 1974

Chisankho cha osewera atsopano cha Pittsburgh Steelers mu 1974 chinachitika pa 29 ndi 30 January 1974 mumzinda wa New York, pamsonkhano wapachaka womwe matimu a National Football League, mwachidule NFL, amasankhirapo osewera ochokera m'makoleji. NFL ndi ligi yaikulu ya mpira wa ku America, ndipo msonkhanowu umatchedwa draft. Steelers, timu ya mumzinda wa Pittsburgh m'chigawo cha Pennsylvania, inasankha osewera 21. Anayi mwa asanu oyambirira, omwe ndi Lynn Swann, Jack Lambert, John Stallworth ndi Mike Webster, anadzalowa mu Pro Football Hall of Fame, nyumba yokumbukiramo akatswiri a masewerawa yomwe ili ku Canton, m'chigawo cha Ohio. Palibenso timu ina yomwe inapezapo akatswiri anayi otere pa draft imodzi, n'chifukwa chake olemba zamasewera ambiri amati chisankhochi n'chimene chimaposa zonse m'mbiri ya ligiyi.

Momwe draft imayendera

Draft inayamba mu 1936 pofuna kuti matimu olemera asamangotenga osewera onse aluso. Matimu amasankha mosinthanasinthana m'maraundi. Timu yomwe sinachite bwino chaka chapitacho ndiyo imayamba, ndipo yomwe inatenga chikho imasankha pomalizira. Timu ikhoza kusinthanitsa mwayi wake wosankha ndi wosewera wa timu ina. Osewera omwe sanasankhidwe ndi timu iliyonse amakhala omasuka kusainira timu yomwe yawafuna.

Mu 1974 ligiyi inali ndi matimu 26 ndipo maraundi anali 17, choncho osewera onse osankhidwa anakwana 442. Woyamba kusankhidwa anali Ed "Too Tall" Jones, yemwe anatengedwa ndi Dallas Cowboys. Masiku ano matimu alipo 32 ndipo maraundi ndi 7 okha.

Timu isanafike 1974

Art Rooney anayambitsa timuyi mu 1933, koma kwa zaka pafupifupi 40 sinatenge chikho chilichonse cha ligi. Zinthu zinayamba kusintha mu 1969 pomwe Chuck Noll analembedwa ntchito ngati mphunzitsi wamkulu. M'chaka chake choyamba timuyi inapambana masewera amodzi okha n'kugonja 13. Noll anasankha kumanga timu kudzera mu draft m'malo mosinthanitsa mwayi wosankha ndi osewera okalamba, monga momwe timuyi inkachitira kale. Motero anatenga Joe Greene mu 1969, Terry Bradshaw ndi Mel Blount mu 1970, Jack Ham mu 1971 komanso Franco Harris mu 1972.

Mu 1973 Steelers inapambana masewera 10 n'kugonja 4, koma inatulutsidwa ndi Oakland Raiders m'ndime yachipulula. Chifukwa chochita bwinoko, pa draft ya 1974 inayamba kusankha pa nambala 21. Inalibenso mwayi wosankha mu raundi yachitatu chifukwa inali itaupereka kale ku timu ina.

Osewera asanu oyambirira

Raundi 1, nambala 21: Lynn Swann, wide receiver, wa ku University of Southern California
Raundi 2, nambala 46: Jack Lambert, linebacker, wa ku Kent State
Raundi 4, nambala 82: John Stallworth, wide receiver, wa ku Alabama A&M
Raundi 4, nambala 100: Jimmy Allen, wotchinga kumbuyo, wa ku UCLA
Raundi 5, nambala 125: Mike Webster, center, wa ku Wisconsin

Wide receiver ndi wosewera yemwe amathamangira kutsogolo kukawakha mpira woponyedwa ndi quarterback, mtsogoleri wa osewera ofuna zigoli. Center amaima pakati pa mzere wakutsogolo, ndipo ndi amene amapatsira mpira quarterback poyamba kusewera. Linebacker ndi wotchinga yemwe amaima kumbuyo kwa mzere woyamba wa otchinga, ndipo ntchito yake ndi kugwetsa wothamanga ndi mpira kapena kulanda mpira woponyedwa.

Aliyense mwa anayiwa anali ndi chomwe matimu ena ankamukayikira. Swann ankadziwika kale chifukwa ankasewerera koleji yotchuka, koma ena ankati liwiro lake n'lochepa. Lambert anali wamtali koma wowonda, ndipo ankaoneka wopepuka pa malo omwe amafuna munthu wojintcha. Webster nayenso ankaonedwa ngati wochepa thupi. Stallworth anachokera ku koleji yaing'ono yomwe anthu ambiri ofufuza luso sankaiyendera kawirikawiri.

Draft itatha, timuyi inasainanso osewera ena omwe sanasankhidwe ndi timu iliyonse. Mmodzi mwa iwo anali Donnie Shell wa ku South Carolina State, yemwe anadzakhala wachisanu wa gululi kulowa mu Hall of Fame. Wina anali Randy Grossman wa ku Temple.

Ntchito ya Bill Nunn

Ofufuza luso a timuyi ankatsogoleredwa ndi Art Rooney Jr., mwana wa mwini timu, ndipo pakati pawo panali Dick Haley ndi Bill Nunn. Nunn poyamba anali mtolankhani wa zamasewera ku Pittsburgh Courier, nyuzipepala yotchuka ya anthu akuda a ku America. Kwa zaka zambiri ankayendera makoleji a anthu akuda a kumwera kwa dzikolo n'kumasankha osewera abwino a chaka chilichonse, motero ankadziwana ndi aphunzitsi a matimu akumeneko. Pa nthawiyo tsankho linkachititsa kuti matimu ambiri a NFL asalabadire makolejiwa. Nunn anayamba kugwirira ntchito Steelers chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960.

Nkhani yomwe imakambidwa kwambiri ndi ya Stallworth. Gulu la ofufuza luso ochokera m'matimu angapo linamuyesa liwiro pa bwalo lonyowa, ndipo nthawi yomwe anathamanga sinasangalatse aliyense. Anzake atachoka, Nunn anatsalira n'kumuyesanso pa bwalo louma, pomwe anapeza kuti mnyamatayo ali ndi liwiro. Noll ataona filimu ya masewera ake anafuna kumutenga mu raundi yoyamba. Ofufuza luso anamulangiza kuti ayambe ndi Swann, yemwe matimu onse ankamudziwa, poganiza kuti Stallworth akhalapobe mpaka m'maraundi apatsogolo. Zinachitikadi choncho. Nunn analowa mu Hall of Fame mu 2021, atamwalira kale.

Chaka choyamba

Mu July 1974 osewera akale a NFL ananyanyala ntchito pa mkangano wawo ndi eni matimu, ndipo kunyanyalako kunafika mu August. Izi zinapereka mpata kwa osewera atsopano kuti aonekere kwa aphunzitsi pa zokonzekera, makamaka omwe sanasankhidwe monga Shell ndi Grossman.

Mwa onsewa, Lambert yekha ndiye anapeza malo okhazikika nthawi yomweyo. Henry Davis, yemwe ankasewera pakati pa otchinga, atavulala, Lambert analowa m'malo mwake ndipo pakutha pa chaka anapatsidwa mphotho ya wotchinga watsopano wochita bwino kwambiri mu ligi. Swann anawakha mipira 11 yokha, ngakhale anatsogola mu ligi pa mayadi obweza mpira womenyedwa ndi mwendo, omwe anakwana 577. Yadi imodzi ndi masentimita pafupifupi 91. Stallworth anawakha mipira 16. Webster ankasinthana ndi Ray Mansfield ndipo sanakhale center woyamba mpaka 1976. Shell anakhala zaka zingapo akulowa mwa apo ndi apo asanapeze malo okhazikika.

Timuyi inapambana masewera 10, kugonja 3 ndi kufanana mphamvu kamodzi. M'masewera olimbirana malo a mu fainolo inagonjetsa Raiders 24–13, ndipo Swann anagoletsa touchdown, chigoli cha mapointi 6. Pa 12 January 1975 Steelers inagonjetsa Minnesota Vikings 16–6 mu Super Bowl IX ku New Orleans, n'kutenga chikho chake choyamba cha ligi.

Zaka zotsatira

Steelers inatenga Super Bowl kanayi m'zaka 6, ndipo Swann, Lambert, Stallworth, Webster, Shell ndi Grossman analipo pa zikho zonsezi. Mu January 1976 inagonjetsa Cowboys 21–17. Swann anawakha mipira 4 ya mayadi 161 ndipo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa masewerawo, woyamba wa malo ake kulandira ulemuwu. Mu January 1979 inagonjetsanso Cowboys 35–31. Mu January 1980 inaposa Los Angeles Rams 31–19, pomwe Stallworth anagoletsa touchdown ya mayadi 73 yomwe inabwezera timuyi patsogolo m'gawo lomaliza.

Lambert anasewera mpaka 1984. Anasankhidwa kukhala wotchinga wopambana mu ligi mu 1976, komanso anaitanidwa ka 9 ku Pro Bowl, masewera apachaka a akatswiri. Swann anasiya mpira 1982 itatha, atawakha mipira 336 ya mayadi 5,462. Stallworth anafika mpaka 1987 ndipo anawakha mipira 537 ya mayadi 8,723. Shell nayenso anasiya 1987 itatha, atalanda mipira yoponyedwa 51. Webster anasewerera Steelers zaka 15, kenako zaka 2 ku Kansas City Chiefs, ndipo anaitanidwa ku Pro Bowl ka 9.

Si onse 21 omwe anathandiza timuyi. Ambiri a m'maraundi omalizira sanakhalitse. Jimmy Allen anasewera zaka 4 ku Pittsburgh n'kupita ku Detroit Lions. Tommy Reamon, wa mu raundi 9, anasankha kukasewera mu World Football League, ligi ina yomwe inayamba chaka chomwecho.

Momwe gululi limayesedwera

Draft ikangotha, atolankhani amapereka malikisi ku timu iliyonse potengera mbiri ya osewera ku koleji ndi malo omwe timu inkasowa anthu. Mu 1974 ena mwa olemba nkhani a ku Pittsburgh sanakhutire ndi zomwe timuyi inasankha. Chaka choyamba nachonso sichinaonetse zonse, popeza mwa asanu omwe anadzalowa mu Hall of Fame, mmodzi yekha ndiye ankayamba masewera nthawi zonse. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amati gulu la osewera atsopano liyenera kuyesedwa pakapita zaka zitatu kapena kuposerapo.

Poyesa gulu lotere anthu amayang'ana kuchuluka kwa osewera omwe anapeza malo okhazikika, zaka zomwe anakhala mu timu, mphotho zomwe analandira, ndi phindu la wosewera poyerekeza ndi nambala yomwe anasankhidwira. Muyeso womalizawu ndi womwe umakweza kwambiri gulu la 1974. Webster anadumphidwa ka 124, ndipo Shell sanatchulidwe n'komwe pa mayina 442. Mwa onse osankhidwa chaka chimenecho, mmodzi mwa ena olowa mu Hall of Fame ndi Dave Casper wa Raiders, yemwe anatengedwa pa nambala 45, Lambert atatsala pang'ono kutchulidwa.

Lambert analowa mu Hall of Fame mu 1990, Webster mu 1997, Swann mu 2001, Stallworth mu 2002, ndipo Shell anasankhidwa mu 2020, patapita zaka 46 chisainire. Swann anadikira zaka zambiri chifukwa ena ankati mipira yomwe anawakha ndi yochepa, pomwe omuikira kumbuyo ankaloza zomwe anachita m'mafainolo. Enanso amakumbutsa kuti anyamatawa anapeza timu ili kale ndi Greene, Bradshaw, Ham ndi Harris, zomwe zinawapatsa nthawi yophunzira popanda kusenza timu yonse.

Imfa ya Mike Webster

Atasiya mpira, Webster anavutika ndi kuiwala, matenda a maganizo ndi umphawi, ndipo nthawi zina ankagona m'galimoto. Anamwalira pa 24 September 2002 ali ndi zaka 50. Dokotala Bennet Omalu, wobadwira ku Nigeria, anapima ubongo wake ku Pittsburgh ndipo anapeza matenda otchedwa CTE, omwe amagwirizana ndi kugundidwa m'mutu mobwerezabwereza. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2005, ndipo Webster anakhala wosewera woyamba wa NFL kupezeka ndi matendawa. Poyamba madokotala a ligi anatsutsa zomwe Omalu anapeza, koma mu 2016 mkulu wina wa NFL anavomera poyera kuti pali kugwirizana pakati pa masewerawa ndi CTE. Nkhaniyi inaonetsedwanso mu filimu ya Concussion ya mu 2015.