Nkhwazi ndi Nsomba Yace

Munthu amene anaona nkhwazi itatera pa mtengo m'mbali mwa mtsinje wa Kafue adziwa maonekedwe ace: mutu ndi cifuwa nzoyera, mimba njofiirira, mapiko ngakuda. Koma nkhwazi ya pa mbendera ya Zambia siitero ai. Thupi lace lonse liri ndi mtundu wa mkuwa, pakuti wojambula sanafune kuonetsa mbalame yokha, koma dziko.

Mbalameyi inayamba nchito ya boma Azungu akali kulamulira. Pa cizindikiro ca Northern Rhodesia, cimene Mfumu ya ku England inabvomereza m'caka ca 1939, panali nkhwazi yagolide itafumbata nsomba m'zikhadabo zace, ndipo pansi pace panali mizere yoyera yokhotakhota pa malo akuda, ndiyo madzi a Mosi-oa-Tunya. Azungu anaonapo mbalame yokongola ya pa Zambezi. Koma eni dziko ena anayang'ana nsombayo, nati, ameneyu ndiye munthu wakuda wogwidwa ndi atsamunda. Cithunzi cimodzi, maso awiri.

Pofika ufulu pa 24 October 1964, nchito yojambula mbendera ndi cizindikiro catsopano inagwa m'manja mwa Mai Gabriel Ellison, amene anabadwira mu Lusaka m'caka ca 1930, nagwira nchito yojambula m'boma. Mizere ya mathithi inatsala, nkhwazi inatsala, koma nsomba inacotsedwa. Kucotsa kanthu kakang'ono kotere kunanena zambiri kopambana mau a pa msonkhano. Mitundu ya pa mbendera nayo inapatsidwa matanthauzo: wobiriwira ndiwo zomera za dziko, wofiira ndiwo nkhondo ya ufulu, wakuda ndiwo anthu, ndipo wa lalanje ndiwo cuma ca m'migodi. M'caka ca 1996 wobiriwirawo anauwalitsa pang'ono.

Pa masitampa mai ameneyu anabwezera mbalame nthenga zao zeni-zeni, pakuti pamenepo anafuna kuti wolandira kalata kutsidya kwa nyanja aone mbalame monga Mulungu anailenga.

Mu Lusaka dzina la mbalameyi lipezeka pa Nkwazi Road pakati pa mzinda, ndi pa Nkwazi House ku State House, kufupi ndi Woodlands. Ndipo pa ndalama yacitsulo ya 1 kwacha ya m'caka ca 2013 anaikapo kambalame kena kodya nkhuyu, kamene kapezeka m'Zambia mokha. Kale kanali kuchedwa ndi dzina la Chaplin, mkulu wa boma la kampani. M'mabuku ambiri atsopano kalembedwa ndi dzina la Zambia.