Kakhomo Kamene Knuth Anasiya

Nditangoyamba ntchito m'boma, lipoti tinkalitayipa, koma galafu tinkaijambula padera, kuidula ndi sizasi, n'kuimata ndi guluu. Tsiku lina ziwerengero zinasintha madzulo, galafu n'kutsala yakale. Bwana anazitulukira pamsonkhano, alendo ali pompo. Manyazi ake ndikuwamvabe.

Patapita zaka ndinadziwa kuti vutoli linasautsanso akatswiri. Donald Knuth wa ku Stanford anayamba kupanga pulogalamu ya TeX mu 1977, atanyansidwa ndi mmene osindikiza anasanjira buku lake. TeX inkasanja mawu ndi masamu mwaluso, koma kujambula ayi. Knuth anangosiya kakhomo kotchedwa \special koti mapulogalamu ena azilowetserapo zawo, ndipo mu 1990 analengeza kuti sadzaisinthanso kupatula kukonza zolakwika.

Ena analowera pomwepo. Gnuplot, yomwe Thomas Williams ndi Colin Kelley anayamba mu 1986, inafika pojambula mizere n'kusiyira TeX kulemba manambala, kuti zilembo zifanane ndi za m'buku. Komabe zinali zida ziwiri. Ukaiwala kuyendetsa chimodzi, wabwerera ku guluu wanga uja.

M'kuona kwanga, mfundo inamasuka ndi LuaTeX. Hans Hagen, Taco Hoekwater ndi Hartmut Henkel anasokerera Lua, chiyankhulo cha kompyuta chobadwira ku Rio de Janeiro mu 1993, m'kati mwenimweni mwa TeX. LuaTeX 1.0 inatuluka mu 2016. Tsopano chikalata chingathe kuwerenga chokha ziwerengero n'kujambula galafu pamene chikusanjidwa. Ukasintha nambala imodzi, mzere nawonso umakhota.